Makomo a Chombo cha Kaputeni

Dzina lakuti Kaputeni anamupatsa ndi mayi wogulitsa zovala pashopu ya pansi, ndipo sikuti anamupatsa pomulemekeza. Anamupeza tsiku lina kuseri kwa nyumba akutola zivindikiro za mabotolo ndi tizidutswa ta mapaipi, munthu wamkulu ndithu wa imvi m'ndevu. Atamufunsa chochita nazo, iye anayankha osaphethira n'komwe kuti akumanga chombo chopita mumlengalenga. Mayiyo anaseka mpaka kugwira nthiti. Pofika madzulo msewu wonse unali utadziwa kuti m'chipinda cha pamwamba mumakhala Kaputeni. Mwiniwake sanakwiye. Dzinalo analitola monga ankatolera zivindikiro zija n'kukwera nalo masitepe.

Pamwambapo panali chipinda chimodzi, chotakasuka bwino koma chimodzi basi. Munali windo lotchinga ndi zitsulo, bedi la bambo ake pafupi ndi windolo, matiresi ake amene masana ankawaimika kukhoma, kabati, ndowa ziwiri, ndi tebulo limene kale ankadyerapo. Kunja kwa chitseko kunali kakolido kopanikiza, koti anthu awiri akakumana wina amayamba watsamira khoma. Chimbudzi ndi bafa zinali kumapeto kwa kakolidoko.

Kale Kaputeni ankapenta magalimoto pagalaja, ndipo dzanja lake linkadziwika. Bambo ake anali kalipentala, munthu wa mawu ochepa ndi wosachedwa kukuwa akaona msomali wokhota. Tsiku lina anagwa ali pantchito. Kuchipatala anati ndi sitiroko, mbali yonse ya kumanja inafa, lilime n'kulemera. Palibe amene anauza Kaputeni kuti asiye ntchito. Zinthu zotere pabanja sachita kuuzana. Mlongo wake anali ndi mwamuna, ana atatu, ndi ntchito yochapa zovala pachipatala china, choncho maso onse anangotembenukira kwa uyo analibe mkazi. Iye anapempha tchuthi cha mwezi umodzi. Mweziwo unabala unzake, unzakewo unabala chaka, mpaka kugalaja kuja anasiya kufunsa.

Ntchito yake tsopano inali yotembenuza bambo kuti asachite zilonda, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi sipuni, ndi kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Pakhomo ankadutsa cham'mbali, mutu wa bambo uli paphewa, zigongono zake zikukhula felemu. Akatsika kukagula sopo ankayenda mothamanga ngati wasiya mkaka pamoto. Mlongo wake ankabweretsa zofunika pakutha pa sabata, n'kukhala pang'ono maso ali pawotchi. Kaputeni ankawakonda bambo ake, zimenezo asakaike munthu. Koma masiku ena akaima pawindo, chipumi chili pazitsulo, ankadana ndi chipinda chija, ndi fungo lake la mankhwala, ndi phokoso la mpweya wa bambo, kenako n'kudzida yekha chifukwa choganiza choncho.

Gulu analipeza pafoni. Anali anthu okonda mafilimu ndi mabuku a maulendo a kunyenyezi, amene sankakhutira ndi kuonera kokha, ankamanga tizombo tawo ndi katoni, waya ndi guluu. Lamulo lawo linali loti munthu asakopere cha m'filimu. Aliyense aganize chake, ndipo kanthu kalikonse kamene wamatapo akhale wokonzeka kukaikira kumbuyo. Mukanawamva akukangana mukanati mawa lomwe akunyamuka. Anthu aakuluakulu, ena a zidzukulu, ankatha sabata yathunthu osagwirizana za poika thanki ya madzi pa chombo chopangidwa ndi botolo la mafuta odzola. Onse ankadziwana ndi maina ongopatsana. Olusa kwambiri anali awiri: Injiniya, amene kwenikweni ankagulitsa mankhwala m'famase, ndi Mayi Guluu, amene dzina lawo linachokera pa chiphunzitso chawo chimodzi chokha, chakuti msoko usaoneke.

Chombo cha Kaputeni chinali cha ulendo wautali, chonyamula mabanja kupita kutali koti ofika ndi zidzukulu. Muyeso wake unali woti munthu mmodzi akhale ngati kambewu ka mpunga. Poyamba anachiika mapiko awiri okongola, opentedwa mosalala ngati boneti. Injiniya anangofunsa kuti mapikowo azikupiza mphepo iti, poti kumeneko mpweya kulibe. Kaputeni anawazula tsiku lomwelo. Kenako inabwera nkhani ya mawindo. Injiniya ankati windo lililonse ndi pofooka, Mayi Guluu ankati munthu sangakhale moyo wake wonse osasuzumira panja. Kaputeni anakhala mbali ya mayiwo n'kuboola mawindo ambirimbiri ndi singano yootcha. Nkhani ya windo ankaidziwa kuposa onsewo, koma sananene kumene anaiphunzira. Zithunzi zake ankajambula atapachika nsalu yakuda kumbuyo, moti pagulupo palibe ankadziwa za bedi limene linali pambali pake.

Mkangano waukulu unali wa mkombero. Kumwambako anthu amangoyandama, ndiye kuti aziponda pansi ngati kwawo, chombo chimafunika mkombero wonga tayala, wozungulira, anthu n'kumakhala m'kati mwake. Mkombero woyamba wa Kaputeni unali ngati chiwongolero cha galimoto.

“A Kaputeni,” analemba Injiniya, “kamkombero aka anthu anu azisanza m'mawa ndi madzulo. Kakachepa kamayenera kuzungulira mwaliwiro, ndiye chizungulire chake muchitha? Kulitsani.”

Anakulitsa kufika pa tayala la njinga. Injiniya anati zayamba kuoneka zanzeru, koma ana obadwira mmenemo azikula miyendo yolemera, mitu yopepuka. Kaputeni anaphwasulanso. Wachitatu unaposa tayala la lole, ndipo pakati pake panadutsa paipi yaitali pafupifupi msinkhu wa mwiniwake, kutsogolo kuli chipinda cha oyendetsa, kumbuyo mainjini ndi zipsepse zotayira kutentha. Apa Injiniya anaomba m'manja. Mayi Guluu nawo anati chombo chokongola chonchi chisakhale cholumikiza ndi kumasula ngati bedi la alendo, achimate chonse chikhale thupi limodzi. Kaputeni anamata, anathira pate, phala lotsekera ming'alu, m'misoko, anakwecha, anapenta, moti ngakhale chikhadabo sichikanapeza pamene paipi yakumana ndi mkombero.

Mlandu umodzi wokha ndi umene anakana kugonja, wa makomo. M'kati mwa mkombero anamangamo tizipinda ndi tinjira, zooneka munthu akasuzumira pawindo tinyale tikayaka, ndipo khomo lililonse linali lalikulu kawiri kuposa makomo a m'zombo za anzake. Injiniya anati kumeneko n'kuwononga malo, khomo la chombo limafunika laling'ono kuti mpweya usathawe ngozi ikachitika. Kaputeni, amene nthawi zonse ankayankha mwaulemu, tsiku limenelo analimba khosi.

“Paulendo wotere anthu adzakalamba,” analemba. “Wina adzagwa. Khomo likhale loti munthu wonyamula mnzake adutse osakhula chigongono.”

Gulu linaseka, ena n'kumati Kaputeni akumanga chipatala. Iye sanasinthe. Kakhomo kalikonse ankakayeza ndi tepi yakale ya bambo ake, kenako n'kudutsitsapo timbewu tiwiri ta mpunga togundizana, atatigwira ndi kopanira.

Bambo ankaona zonsezi ali pabedi. Tebulo linali moyang'anana ndi maso awo, ndipo kupatula denga ndi kachidutswa ka mtambo pawindo, chombocho ndicho chinali dziko lawo lonse. Nthawi zina mwana wawo akadula katoni mokhota ankangotsonya ndi mbali yamoyo ya pakamwa.

Kenako gulu linapangana zokumana maso ndi maso. Anapeza holo ya palaibulale ina kutsidya kwa tauni, Loweruka masana, aliyense abwere ndi chombo chake. Kaputeni atawerenga uthengawo anasangalala ngati mwana. Zaka zonsezi anali asanakhalepo pagulu la anthu osakamba za mankhwala. Sankafuna mphoto, sankafuna kutamidwa kwenikweni. Ankafuna masana amodzi okha oti aime pambali pa chinthu chopanga yekha, anthu akumutchula dzina, wina akumutsutsa pamaso, iye osatchera khutu kuchipinda. Anapempha mlongo wake kutatsala mwezi wathunthu kuti adzamukhalire ndi bambo, anapemphanso, mpaka mlongoyo anasinthana ndi mnzake kuntchito kuti alowe madzulo. Anapangananso ndi mwini kagalimoto ka katundu wa mumsewu momwemo.

Tsikulo anadzuka n'kusambitsa bambo, kuwadyetsa, kuwasintha zofunda. Anasita malaya oyera amene anali atagona m'kabati chichokereni kugalaja, ndipo kolala inali itayamba chikasu. Mlongo wake anafika dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu, n'kumuseka kuti akuoneka ngati akukafunsira mbeta. Pansi galimoto inaliza hutala.

Ananyamula awiri, iye kutsogolo, mlongo kumbuyo. Chombocho sichinali cholemera. Mphuno yake inatuluka bwinobwino pakhomo, khosi linatsatira, kenaka mkombero unagunda felemu uku ndi uku nthawi imodzi, gu!

Anabwerera m'mbuyo n'kuchipendeketsa. Chinakana. Anachiimika chilili, mkombero unagona chopingasa n'kukana chimodzimodzi. Anayesa kulowetsa mkombero cham'mbali monga amachitira ndi tebulo, koma paipi ija inapingasa pakhomo, ndipo pofuna kuikhotetsa mphuno inakagunda khoma la kakolido. Mlongo wake anayamba kuseka, atayang'ana nkhope ya mchimwene wake anasiya.

“Achimwene, zaka zonsezi khomo ili simunaliyeze?”

Kaputeni anagwira pathumba. Tepi inali m'thumba la buluku lake, anaitenga kuti akaonetse Injiniya kukula kwa timakomo tija. Anali atayeza makomo onse a anthu a mpunga, koma la chipinda chake, limene zigongono zake zinkalidziwa bwino lomwe, sanaliganizireko ngakhale kamodzi. Chinthu chomangidwira muno sichinkaoneka ngati chidzafuna kutuluka. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu munatentha.

Mlongo anati adule mkomberowo, akamatenso akafika. Iye anatenga sowo, anayang'ana poyambira, osapaona. Ntchito ya Mayi Guluu inali itagwira. Paliponse pamene akanadula panali tizipinda, timakomo ndi waya wa tinyale, ndipo penti ikanasweka ngati chigoba cha dzira. Ali chiimire ndi sowo m'manja, kubedi kunamveka mawu.

“Chitseko.”

Onse awiri anatembenuka. Bambo anali atadzutsa mutu paokha, dzanja lamanzere likuloza.

“Chotsa. Chitseko.”

Zinali zoona. Chitseko chikatseguka, m'mphepete mwake munkadya malo pakhomopo. Galu wamkota sakandira pachabe, anatero mlongo uja, ndipo Kaputeni anakoka bokosi la zipangizo za bambo pansi pa bedi. Koma masikuluwu a m'mahinjesi anali atakwiririka ndi penti ya anthu onse amene anakhalamo m'chipindamo, pansi pake dzimbiri. Sikuludiraiva inkangoterereka. Bambo anatsonya.

“Pala kaye. Mafuta. Gogoda.”

Anapala penti ndi mpeni, anadonthezera mafuta ophikira, anagogoda ndi hamala. Sikuluwu yoyamba inalira n'kutembenuka. Bambo anatulutsa kaphokoso kamene ana awo anali asanakamve chigwereni, ndipo panapita kanthawi asanazindikire kuti akuseka. Anawatsamiritsa pamapilo kuti aziona bwino. Mawu ankatuluka amodziamodzi, olemera, koma anali mawu a kalipentala ali pantchito, okalipa, osapirira ulesi. Maso awo anali atayera.

Pansi hutala inalira kachiwiri, kachitatu. Mwini galimoto anakuwa kuti ali ndi katundu wina womudikira, ndipo posakhalitsa anamva injini ikuchoka. Mlongo anamukokera mchimwene wake pambali n'kulankhula motsitsa.

“Chisiyeni ichi. Kwerani basi, pitani nokha. Anzanuwo akufuna inu, zithunzi ali nazo kale.”

“Pang'ono pokha. Atsala masikuluwu atatu.”

“Ine ikakwana nthawi ndinyamuka, achimwene. Musadzati sindinanene.”

Mlongoyo ankanena zoona, ndipo Kaputeni ankadziwa. Koma akadziyerekeza akulowa muholo muja chimanjamanja, munthu wa kolala yachikasu wopanda nkhani ina yoti akambe, ankaona kuti sangathe. Popanda chombo iye anali ndani kumeneko? Komanso panali bambo. Munthu amene wakhala zaka akungoyang'ana kudenga, lero wadzuka, akulamula, akutukwana sikuluwu, ungamuuze bwanji kuti basi zisiyeni, ine ndapita? Anagwadanso pahinjesi.

Sikuluwu yomaliza inathyoka mutu, anachita kuizula ndi pulayala. Chitseko chinachoka, anachiimika kukhoma. Malaya oyera aja anali atadetsedwa ndi dzimbiri ndi mafuta. Ananyamulanso chombo, mphuno inatuluka, khosi linatuluka, mkombero unalowa pang'ono pafelemu n'kuima. Chosowa chinali mpata wa zala ziwiri zokha. Kaputeni anakankha pang'ono, penti inalira kuti tswa, iye n'kusiya msanga.

“Felemu,” anatero bambo, osagwa mphwayi.

Felemuyo inali yachitsulo, yomangidwira m'simenti. Kaputeni anaika tchizulo, anamenya kamodzi, pulasitala anagwa chibuma chonse. Mlongo wake anamugwira dzanja n'kumukumbutsa kuti eninyumba akaona zimenezi awatulutsa, ndipo munthu wodwala chonchi apita naye kuti. Iye anaika hamala pansi. Bambo anapitiriza kulamula, pendeketsa uku, kweza kumbuyo, tembenuza, ndipo ana awo anamvera zonse ngakhale ankaona kuti palibe chimene chisinthe. Dzuwa linachoka pabedi n'kukwera khoma.

Mlongo anasamba m'manja, anatenga chikwama chake. Maso ake anali ofiira. Anapepesa, nati ayesetsa tsiku lina, gulu lotere silikumana kamodzi kokha. Kaputeni anavomera ndi mutu. Onse awiri ankadziwa mmene tsiku limodzi lomweli linavutira kupezeka. Anamumva akutsika masitepe mofulumira, kuopa kuchedwa kuntchito.

Anabweza chombo patebulo. Foni inali itadzaza mauthenga. Panali chithunzi cha holo, matebulo atandandalika, tizombo ta mitundumitundu. Injiniya, amene iye ankamuganizira kuti ndi chimunthu chachitali cha nkhope yolusa, anali kabambo kakafupi koseka mano onse. Mayi Guluu anali ndi ndodo yoyendera. Pakati penipeni anasiya tebulo lalikulu kuposa onse, lopanda kanthu, ndipo pansi pa chithunzicho analemba kuti a Kaputeni muli pati, malo anu takusungirani. Anayang'ana tebulolo nthawi yaitali. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti anthuwo anali atayeza, anadziwa kuti chombo chake chifuna malo aakulu. Anayamba kulemba yankho, anafufuta, n'kuika foni chafufumimba.

Pakhomo panali pululu. Kakolido kankaoneka konse, mpaka poyambira masitepe, ndipo phokoso la mumsewu linkalowa momasuka, mabasi akuitanira anthu. Chikhalireni m'chipindamo khomo linali lisanatsegukepo chonchi. Kamphepo kanalowa n'kugwedeza zofunda, bambo anatsokomola.

“Bwezera,” anatero.

Kupachika chitseko munthu uli wekha ndi ntchito yowawa. Anachiimika paphazi lake, phewa likuchirikiza, dzanja limodzi likufunafuna bowo. Masikuluwu anawasunga bambo m'dzanja lawo lamoyo, ndipo ankamupatsa imodziimodzi, iye n'kumachita kutambasuka kuti alandire. Sanalole zothamanga. Hinjesi yapamwamba anamubwezetsa kawiri, yapansi anati aikeko kachidutswa ka katoni kuti chitseko chiime mowongoka. Kaputeni anatenga kachidutswako pamulu wa zotsala za chombo. Misozi inkatsika yokha, iye n'kumaipukuta ndi phewa kuti bambo asaone.

Atamanga yomaliza anaima m'kati, dzanja lili pachogwirira.

“Tseka,” anatero bambo.

Anakankha ndi chala chimodzi. Chitseko chinayenda mosalala, osalira, osakhula pansi, n'kukalowa m'malo mwake mwakachetechete. Bambo anamwetulira ndi theka la pakamwa, kumwetulira kwa mmisiri wokhutira ndi ntchito yake.

“Chikutseka bwino. Kuposa kale.”

“Inde, bambo,” anayankha Kaputeni. “Chikutseka bwino.”